Tsidya Limene Aphunzitsi Ankanena

Linali Lachitatu, teni koloko m'mawa, patangopita masiku awiri chidyereni Idi. Ndinali kudoko ku Nkhudzi ndikuchapa matewera, mwana ali kumsana. Nkhondo ya ku Mozambique inali isanathe.

Kunafika aphunzitsi atsopano a pasukulu yathu, munthu wakumtunda amene tinali tisanamuzolowere. M'khosi anakoloweka wotchi ya chingwe, m'manja muli kope ndi pepala lodula m'magazini. Pepalalo anaonetsa alovi, asodzi aja, amene ankasoka ukonde wa chilimira pamchenga, ine n'kusuzumira kumbuyo kwawo. Panali anthu akusambira m'dziwe la simenti, madzi ake ogawidwa ndi zingwe ngati mizere ya m'munda. Onse anavala tizipewa tothina, nkhope zili m'madzi. Aphunzitsi anati amenewo anali masewera aakulu a mayiko onse amene anali atachitika kumene, ndipo zinkawawawa kuti ife eni nyanja yonseyi tinalibe munthu pachithunzipo. Kenako anafunsa kuti katswiri wosambira pano ndani.

Alovi onse analoza amuna anga. Mmodzi anati, "Tengani alamu athuwa, ndi ng'ona yopanda mchira. Ntchito ina sadziwa."

Amuna anga anali othawa nkhondo. Analowera ku Makanjira, kukampu sanakhalitse, anadzafika kuno n'kundikwatira. Pamudzi aliyense ankadziwa koma palibe ankanena, chifukwa ukonde ukakodwa pamiyala, obira pansi pa madzi kukauwonjola anali iwowo. Tinkamva kuti opezeka kunja kwa kampu amawabweza, ena mpaka kumalire. Zoona zake sindinkazidziwa, koma ndinkaopa.

Amuna anga anavula malaya akuseka. Anasambira kuchoka pathanthwe mpaka pabwato limene linali patali, aphunzitsi akukuwa kuti aviike nkhope m'madzi ngati a pachithunzi aja. Alovi anafa nalo phwete, ati munthu woviika nkhope mvuu akaiona bwanji. Amuna anga atatuluka m'madzi, aphunzitsi anayang'ana wotchi nthawi yaitali, n'kutsegula kope. Anafunsa dzina, zaka, ndi kumene anabadwira. Amuna anga anati ku Namwera. Aphunzitsi analemba, n'kunena kuti Loweruka abwera ndi wojambula, chifukwa pafunika chithunzi cha pasipoti.

"Mukachita khama, akuluakulu a mtauni akutengerani kutsidya kwa nyanja," anatero.

Kwa ife tsidya ndi limodzi: mapiri aja amaoneka kum'mawa, ku Makanjira, kuseri kwake kuli malire. Ndinangofinya thewera limene ndinali nditalifinya kale.

Masana amenewo amuna anga anali osangalala kuposa masiku onse amene ndinawadziwa. Ankayeserera kupalasa manja pabwalo, mwana n'kumaseka. Ndinawafunsa kuti kusambira kukukhudzana bwanji ndi kumene munthu anabadwira, nanga chithunzi n'chachiyani. Anandiyankha kuti ine ndimaopa aliyense wovala nsapato. Anati chiyambireni anthu amangowatuma kukawonjola maukonde, lero lokha wina wawayeza ndi wotchi. Anafotokozanso, ngati nthabwala, kuti aphunzitsi akuti mpikisanowo umayamba ndi kulira kwa mfuti. Atanena mawu amenewo kuseka kunawathera okha, koma anaumirirabe kuti Loweruka akajambulitsa.

M'mawa mwake iwo atalowa panyanja, ndinabereka mwana ulendo wa kusukulu. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi mpaka miyendo kuwawa, ndipo pamene ndinkati odi mawu anangotuluka pang'ono. Aphunzitsi anatuluka ali ndi mswachi m'manja. Ndinagwada n'kufunsa, maso ali pansi, kuti tsidya limene akufuna kuwatengera bambo a mwanayu ndi liti.

Poyamba sanamve. Nditaloza mapiri aja anaseka, n'kunena kuti iwo amanena mayiko akutali, kopita pandege, kumene anthu ake sanamveko dzina la Makanjira. Ndinachita manyazi kwambiri, koma mtima sunatsike. Ndinafunsa kuti pasipotiyo amapereka ndani. Anati aboma, akafufuza kaye kumudzi kumene munthu anabadwira.

Apa aphunzitsi anasiya kuseka. Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana ine.

"Mayi, ku Namwera kuja kuli amene angawavomere kuti ndi mwana wawo?"

Ndinati sindidziwa za kwawo kwa amuna, ndinangobwera kudzapempha pepala limene analemba dzulo. Mpaka lero sindidziwa ngati funso lawo linali lachifundo kapena lofufuza. Analowa m'nyumba, ndinamva pepala likung'ambika, n'kutuluka nalo. Sukulu ndinalekeza sitandade 3, choncho ndinawerenga pang'onopang'ono pomwepo, chilembo chimodzichimodzi, kufikira nditatsimikiza kuti dzinalo ndi lomwelo. Ndinapemphanso kuona tsamba lotsatira, kuopa kuti analemba pawiri. Anandionetsa, linali loyera.

Ndinathokoza, n'kumanga pepalalo pansonga ya chitenje. Pobwerera ndinadzera kumene amayi ena ankawamba nsomba, ndinawapatsa moni, ndipo atatembenuka kukatenga nkhuni ndinaliponya pamoto.