Nthambo Yachikasu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anamwalira. Za maliro enieniwo ndimakumbukira zochepa. Chimene chinandikhala m'mutu ndi masana amene abale awo anabwera kudzagawana katundu.

Tinkakhala ku Kafue Estates, kufupi ndi mtsinje. Bambo sankamwa mowa, ngakhale mpira sunkawasangalatsa. Mtima wawo wonse unali pa ampulifaya yakuda, yolemera, imene amayi ankaitchula kuti mkazi mnzawo. Kumbuyo kwake kunali mabowo osawerengeka, ndipo zonse zinkadutsa mmenemo: DVD, wailesi, TV ndi masipika, ena kutsogolo, ena kumbuyo kwa mipando. Poti ndinali mwana woyamba, anandiphunzitsa kulumikiza nthambo zake ndisanadziwe n'komwe kukazinga mazira. Ankati nthambo yofiira ndi yoyera ndi makutu, zimanyamula mawu. Yachikasu ndi maso, imanyamula chithunzi.

Kwathu maliro akagwa, pabalaza pamachotsedwa chilichonse kuti azimayi apeze pokhala ndi pogona. Choncho ampulifaya ndi zinzake zinazulidwa mwachangu n'kuunjikidwa kuchipinda, nthambo zitapiringizana. Titaika maliro, anthu anayamba kuchepa. Anatsala abale a bambo ochokera ku Shimabala, ndipo kuseka kwawo kunkatha amayi akangolowa.

Awiri ndiwo ankatsogolera. Woyamba anali a Laston, mng'ono wa bambo, amene kale ankandinyamula paphewa. Wina anali azakhali anga a Esinala, mlongo wawo wamkulu, munthu wosakweza mawu koma woopedwa ndi aliyense. Chibwerere azakhaliwo sanadyeko chakudya chophikidwa ndi amayi. Ndinawamva akuuza mnzawo kuseri kwa nyumba kuti mwamuna wamphamvu sangangogwa pantchito n'kufa popanda dzanja la munthu.

M'mawa wa tsikulo a Laston anatulutsa makina onse n'kuwabwezera pabalaza.

"Nifuna nione ngati vonse visebenza, mulamu," anauza amayi osawayang'ana. "Siningatenge vinthu vakufa."

Magetsi anali atathima, koma iwo sanadikire. Anagwada kumbuyo kwa ampulifaya, thukuta lili kamukamu, akulowetsa nthambo m'bowo ili, kuizula, kuiyesanso m'lina. Masipika ang'onoang'ono anawaika m'makona akumbuyo monga ankawaonera kale. Anadina mabatani onse, koma panalibe chinayaka. Ine ndinaona kuti yachikasu yopita ku TV aiika polakwika. Ndinangokhala chete, chifukwa ndinali nditawakwiyira.

Masana tonse tinaitanidwa. Azibambo anakhala pamipando, azimayi pansi. Amayi anakhala pakati pa mphasa atafunda chitenje chakuda, ine ndi mng'ono wanga pambali pawo. Kunja kunkatentha kwambiri, mitambo itaunjikana cha kumtsinje, mphepo osaomba. Malaya a bambo anayamba kuyenda m'manja, nsapato, jekete la kutchalitchi. Chilichonse chikamadutsa chinkasiya fungo la bambo. Kenako anafika pa mipando, firiji, makina aja. Za nyumba anati akambirana pomaliza.

Mwadzidzidzi firiji inabangula kukhitchini. Magetsi anali atabwera. Ampulifaya inalira kuti tha, kanyali kake kofiira kanayaka, ndipo m'masipika munayamba kutuluka kulira kwapansipansi kumene kunkamveka m'mimba osati m'makutu. TV inangoonetsa mtundu wabuluu. Aliyense anatembenukira ku makinawo.

Ndiyeno kumbuyo kwathu, pakona pomwe panalibe munthu, wina anatsokomola. Kutsokomola kumeneko tonse tinkakudziwa.

"Laston!" anatero bambo. "Iwe Laston, nakuona. Siya ivo, si vako!"

Sindidzaiwala mfuu umene unamveka. Azimayi ena anathamangira pakhomo mpaka kupanikizana. Mnyamata wina wa kutchalitchi anagwada n'kuyamba kupemphera mokuwa. A Laston anadumpha n'kuzula pulagi kukhoma.

"Sinitenga kanthu!" anatero. "Olo supuni sinitenga. Vikhale!"

Ine mtima unadumpha ndi chimwemwe, pakuti mawuwo ndinali nditawazindikira. Anali a mu chimbale cha Khirisimasi yapitayo, chimene bambo anajambula ndi kamera yobwereka tikuotcha nsomba m'mbali mwa mtsinje. Chinali chitatsalira mu DVD kuyambira bambo ali moyo. Ndinaganiza kuti bambo atimenyera nkhondo, ndipo katundu wathu wapulumuka.

Koma azakhali sanathawe. Anakhala pomwepo, maso ali pa amayi.

"Mwamvela monse," anatero mwapang'onopang'ono. "Mulongo wanga sanagone. Chibanda chake chili muno, ndipo alipo wamene achisunga. Uyu mukazi tiyenda naye ku munzi lelo, akakambe vamene anachita, bakamusambike. Bana bazasala na ise."

Palibe anatsutsa. Amene anakhala pafupi ndi amayi anasendera kutali, ndipo mphasa inatsala ndi ife atatu basi. Ndinali mwana, koma ndinkadziwa kuti mkazi wotengedwa motero sabwerako ali yemweyo.

Amayi anatembenukira kwa ine. Nawonso chimbalecho ankachidziwa.

"Nelia, yenda ukaike nthambo bwino."

"Amayi, basiyeni bayope," ndinanong'ona. "Tikabaonesa bazatenga vonse."

"Atate bako sanali chibanda," anatero mokweza, kuti aliyense amve. "Sinizalola muntu abaitane so mu nyumba yao. Yenda."

Ndinaimirira n'kupita. Kuseri kwa ampulifaya kunkanunkha fumbi lotentha. Ndinazula nthambo yachikasu, n'kuilowetsa m'bowo lotumiza chithunzi ku TV, kenako ndinabwezera pulagi. Kulira kuja kunayambiranso, ndipo wina pakhomo anati, "Yesu!"

Chithunzi chinabwera. Unali mtsinje, udzu wobiriwira, utsi wa makala. Bambo sanaoneke, popeza ndiwo anagwira kamera. Amene anadzaza TV yonse anali a Laston, atavala chipewa cha pepala, akuba nsomba yotentha pawaya, akuiponya dzanja ili ndi ili. "Siya ivo, si vako!" anatero bambo kachiwiri, kenako anaseka, ndipo a Laston a mu TV anaseka nawo, mkamwa muli todzaza.

Pabalaza panalibe woseka. A Laston enieniwo anaweramitsa mutu n'kulira ngati mwana. Azakhali anakonza duku lawo, nayang'ana pazenera. Za kumudzi sanazitchulenso, ngakhale kupepesa sanapepese.

Ndikanakonda kunena kuti misozi ija inasintha mitima, koma ayi. Mantha atatha, manja anabwerera mwakale. Dzuwa lisanalowe, galimoto inaima pakhomo. Anakweza mipando, firiji, TV, masipika ndi ampulifaya. Nyumba anatisiyira, mwina chifukwa cha manyazi. DVD inapita chimbale chili momwemo. Amayi atakumbukira anathamangira kumsewu, ndipo a Laston anakuwa ali pamwamba pa katundu kuti adzachibweretsa Loweruka. Sitinachionenso.

Ndinawakwiyira amayi kwa nthawi yaitali. Tikakhala pansi pabalaza lopanda kanthu, ndinkadziuza kuti akanangotseka pakamwa, tikanatsala ndi zonse. Ndinkaona ngati anagonja.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndaona akazi amasiye ena a m'tauni muno amene dzina la ufiti linawamatirira. Palibe amagula tomato wawo pamsika, ndipo ana awo amasewera okha. Mantha amene ndinkafuna kuti atilondere pakhomo sakanathera pa a Laston. Akanafuna munthu woti amudye, ndipo munthuyo anali atakhala kale pakati pa mphasa. Amayi anazindikira zimenezi pa kamphindi kamene ine ndinkawerengera mipando. Anadziwanso mtengo wake. Chimbale chija chinali malo okhawo padziko pano pamene mawu a mwamuna wawo anatsala, ndipo anakhala zaka zawo zonse osawamvanso, kuti ife tikule ndi mayi.