Manja a Mkamwana

Chikanga ndinabadwa nacho. Kwathu ku Ntcheu chinkabwera nyengo yozizira, kuseri kwa mawondo, n'kupita chokha. Chinadzandivuta zenizeni nditakwatiwa ku Wovwe, kumene boma linanditumiza kukaphunzitsa. Ulendo uno chinasankha poonekera: m'manja.

Loweruka lililonse tinkapita kwa apongozi anga kufupi ndi Uliwa. Pakhomo pamenepo mlendo sachoka osadya mbalagha, nthochi zaziwisi zophika ndi nyama. Ine, poopa kuti anganene kuti mwana wawo anatola mphunzitsi waulesi, ndinkalanda mkoko wonse n'kukakhala ndekha kuseri kwa khitchini, kusenda. Utomoni wake umamata ngati phula. Ndinkauchotsa ndi parafini, kenako sopo waufa, n'kukhula ndi mwala. Pofika Lolemba zala zatupa, zikuyabwa, zikutuluka madzi, choko chikulowa m'ming'alu. Ndinanamizira kutentha kwa Karonga. Ndinanamizira choko. Usipa ndinausiya, wosalakwa, chifukwa mnzanga wina wakuntchito analumbira kuti nsomba ndizo zimayambitsa.

Tsiku lina ndinagwada ndi beseni kuti ndisambitse anthu m'manja. Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, anandilanda jagi mwaulemu.

"Pumulani, alamu, mwavuka," anatero, kutanthauza kuti ndatopa.

Sindinatope. Mwana wake atakwawira kwa ine, anamunyamula msangamsanga ngati wamuona akupita pamoto. Kuyambira pamenepo mbale yobenthuka mkombero inkafika kwa ine nthawi zonse. Iye ndi apongozi akamayankhulana Chitumbuka ndinkangomva liwu limodzi, mphere. Manyazi anandigwira mpaka kutchalitchi, kumene ndinkabisa manja m'chitenje nthawi yopatsana moni. Amuna anga ankangoti, "Zitha zimenezo," uku akuwonjezera ndiwo. Ndinkalakalaka kuwaponya mbale yobenthukayo.

Kuchipatala anandiuza kuti si mphere, ndipo chikanga sichipatsirana. Anandipatsa mankhwala opaka, n'kundilangiza kudzola mafuta opanda fungo komanso kuyang'anitsitsa zimene manja anga amagwira chisanabuke. Yankho linabwera nthawi yokolola mpunga. Apongozi ankaswera kumunda wawo wa mpunga kusikimu, choncho tinasiya kupitako kwa masabata angapo. Choko ndinkagwirabe, dzuwa linali lomwe lija, usipa ndinaubwerera mwakachetechete, koma manja anapola. Titapitanso ndinasenda nthochi, n'kukhula monga kale. Lolemba chikanga chinali pakhomo.

Kudziwa sikunandisangalatse. Kusambitsa anthu anali atandilanda, mwana sindinkamugwira. Kusenda ndi kokhako kumene kunatsala kondisonyeza kuti ndine mkamwana, mpongozi wa pakhomopo, osati mlendo. Nanga ndikanati chiyani? Kuti chakudya chanu chikundiwotcha?

Loweruka lotsatira apongozi anandipeza kuseri kuja, mpeni uli m'manja, mkoko uli wathunthu, botolo la parafini lili pambali.

"Mkamwana, palafini ngwa vichi?" anafunsa.

Ndinawauza zonse maso ali pansi, ngakhale za kuchipatala. Iwo analowa m'khitchini. Ndinati basi, akukaitana mwana wawo wamkazi kuti adzatenge mpeni.

Anatuluka ndi mafuta ophikira.

"Kasi kwanu mumasenda matochi ndi manja owuma?"

"Kwathu timadikira zipse, Amama."

Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunakhalitse. Anati iwo amayamba adzola mafuta kuti utomoni usagwire, ndipo sanaganizepo kuti pali munthu wamkulu wosadziwa zimenezi. Nanga akanadziwa bwanji, ine ndimabisala?

"Zaninge nawo mawoko," anatero, akuloza manja anga.

Ndinatambasula manja ndikuyembekeza kuti athire mafutawo ali patali. Anakhala pansi, n'kuwatenga onse awiri, ndi ming'alu yake yomwe. Anapaka chala chimodzichimodzi, osafulumira, mpaka m'mphepete mwa zikhadabo. Mlamu wanga anaima pakhomo la khitchini akuyang'ana, mwana ali kumsana. Ndinalira, ndipo kuliranso kunandichititsa manyazi.

Chikanga sichinathe. Chimabwerabe ndikachapa kwambiri kapena thukuta likachuluka, ndipo masiku otero nthochi amasenda ndi ena. Koma tsiku lija, nthawi yakudya itakwana, mlamu anatambasula dzanja kuti atenge jagi. Apongozi anayamba ndiwo kuitenga, n'kundipatsa ine.