Jombo ya a Banda

Ntchito yanga yoyamba anandipezera amalume, chaka chomwe dziko lathu linalandira ufulu. Ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi a Chirwa, mdala wochokera ku Malawi amene anali ndi kashopu kosokera nsapato pamsika wa Wusakile ku Kitwe. Kopa inali pamtengo wokwera, mashifiti a kumgodi sankaima, ndipo majombo ong'ambika ankabwera tsiku ndi tsiku.

Poyamba sanandilole kugwira singano. Yanga inali mipeni. Ndinkanola pamwala wonyowa, kenako ndinkamalizira pa lamba wachikopa wokhomeredwa pathabwa, wopakidwa phala lobiriwira. Mwala umasiya kamlomo kopindika m'mphepete mwa mpeni, kosaoneka ndi maso. Lamba ndiye amakachotsa.

"Koka chobwerera, msana wa mpeni patsogolo," ankatero a Chirwa. "Ukakankha, udula lamba wanga."

Tsiku lina kunabwera a Banda akutsimphina ndi ndodo, akazi awo atanyamula jombo imodzi. Mwala unawagwera pansi mumgodi n'kuwadula zala zakuphazi. Kampani inawalonjeza ntchito ya kunja kwa mgodi, yogawa nyali kwa olowa pansi, bola athe kuima shifiti yonse. Akalephera, nyumba ilandidwa, ana asiya sukulu, onse abwerera kwawo ku Katete.

Masiku amenewo manja a a Chirwa anali atayamba kunjenjemera ndi ukalamba. Anayeza phazi lija mosamala, nandipatsa chikopa chofewa choika mkati mwa jombo.

"Senga m'mphepete mupyapyale ngati khungu la anyezi. Pakatsala kamzere, katsegula bala."

Chidutswa choyamba chinang'ambika. Chachiwiri chimodzimodzi. Thukuta linatsika m'khosi mwanga, chikopa chabwino chikutha.

"Mwaice, mwana iwe, usathamange," anatero a Banda motsitsa mawu. "Ine kothamangira ndilibe."

Ndinakumbukira kuti mpeniwo ndinali nditaunola pamwala pokha, ndipo ndinabwerera pa lamba. Ndinakoka mbali iyi, mbali inayo, mosasindikiza, mpaka mpeni unameta cheya cha pamkono panga ine osamva kanthu. Nditauika pachikopa unangotsetsereka.

Dzuwa litapendeka, a Banda anavala jombo ija. Anaimirira, napereka ndodo kwa akazi awo, nayenda mpaka pakhomo n'kubwerera. Mayi aja anaphimba nkhope ndi chitenje.

A Banda anagawa nyali mpaka ukalamba. Ine ndasoka nsapato moyo wanga wonse, ndipo sindidula chikopa ndi mpeni wochoka pamwala pokha. Mpeni wobuntha suvulaza mmisiri, umavulaza munthu amene adzavale nsapatoyo iwe utaiwala kale nkhope yake.