Ndinakuyezani Muli Moyo, Bwana Tomu

Dzulo ndinakuonani pa TV kuno ku Bwacha, Bwana Tomu, mu kanema wakale wa kwanu ku Mangalande. Paja munabwera mumzinda wathu uno wa Kabwe nthawi ya chipani chimodzi kudzachita sewero mu holo ya pamgodi, ine ndili kalipentala pamenepo. M'seweromo munayenera kufa, ndiye munandiuza kuti ndikhome bokosi la maliro. Munagona chagada pa benchi langa n'kunena kuti, "Phiri, yeza!" Ine ndinati, "Bwana, munthu wamoyo sitimuyeza, amenewo ndi malodza." Munaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndafa kambirimbiri, Phiri, koma ndimadzuka n'kukamwa tiyi." Basi ndinakuyezani.

Sewero litatha ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, kuti tiikemo thunthu la nthochi tikakwirire kutchire, monga timachitira kwathu, kuti bokosi lisaitane munthu. Inu munati bokosi lokongola chonchi sangalitaye, lidzagwiranso ntchito. Analikweza m'denga la holoyo lili pululu. Mvula isanagwe kawiri tinamva kuti mwagwa n'kufera pa siteji kwanuko, anthu n'kumaomba m'manja poyesa kuti ndi sewero. Ndikanaliba bokosilo n'kukalikwirira ndekha, koma ndinaopa kuchotsedwa ntchito. Mundikhululukire, Bwana. Inu anakuikani kwanu m'bokosi lina. Langa lija sindinamvepo kuti analitsitsa, likudikirabe. Tsono miyendo yanga yayamba kutupa chaka chino, ndipo inu ndi ine tinali otalika chimodzimodzi.