Mwala wa Kuseri kwa Munda wa Rooibos

Anzanga, Siviwe anandipeza nditagwa chagada m'tchire.

Inali nyengo yozizira, pamene kuno ku Rocklands, kumapiri a kumpoto kwa Cape Town, kumadzaza alendo odzakwera miyala. Ife sitimanga chingwe. Timayala matiresi pansi, mnzako n'kuima kumbuyo atatambasula manja kuti ukagwa usamenyetse mutu. Tsiku limenelo ndinalibe wonditchingira, ndiye phazi litaterereka ndinaphonya matiresi.

"Sisi, matiresi ali uku. Kapena mumakonda minga?"

Nditadzutsa mutu ndinaona mnyamata wa ku Cape Town, manja ali mbuu ndi choko chimene timapaka kuti tisaterereke, akuseka ngati tinakulira limodzi. Ndinamuuza kuti akasekere kwawo. Sanapite. Anaima kumbuyo kwanga mpaka ndinafika pamwamba, kenako tinagawana vetkoek, mandasi a kuno, titakhala pa bakkie yake, kagalimoto ka pikapu. Zotsatira zake mukuzidziwa kale...

Ndinamukonda, sindibisa. Ndikaweruka ku shopu ya pa kampu kumene ndimagwira ntchito, tinkayenda m'zigwa kusaka miyala imene munthu sanaikwerepo. Ankandinena kuti ndimakwera ngati buluzi wanjala. Ine ndinkamuyankha kuti mphamvu ali nazo koma nzeru anazisiya m'tauni.

Tsono panali mwala umodzi umene sindinaonetsepo munthu.

Bambo anga, a Kerneels, ankadula rooibos, tiyi wa kuno, pa famu ina kuseri kwa mapiri a Pakhuis, ndipo masana ankadyera pamthunzi wa mwala umenewo. Atamwalira ndinayamba kupitako ndekha. Ndinapala ndere ndi burashi, n'kuchotsa miyala yapansi, mpaka ndinapeza njira yokwerera. Chinkandikanika ndi pomalizira pokha, pofunika kudumpha n'kugwira kam'mphepete kopyapyala.

Kwa inu amene simukwera: njira imene wina waipeza n'kuiyeretsa ndi yake. Ena saikhudza mpaka mwiniwake aikwere kapena anene yekha kuti yamukanika. Woyamba kufika pamwamba ndiye amaitcha dzina, ndipo dzinalo silisinthanso.

Ndinamutengera Siviwe kumeneko. Anaima kukamwa kuli yasa, akusisita mwala.

"Ndikaikwera, ndidzaitcha dzina la bambo anga," ndinamuuza.

"Uikwera, Lizelle. Ine yanga ndi kuima kumbuyo kwako basi."

Ndipo ankaimadi. Ndinagwa kambirimbiri, iye akundiwakha, akundilimbitsa mtima kuti kwatsala pang'ono. Tsiku lina chala changa chapakati chinalira kuti thwa! Dokotala wa ku Clanwilliam anati mtsempha wavulala, ndisakhudze mwala kufikira chitapola. Apo n'kuti dzuwa litayamba kutentha, nyengo yokwera ikupita kumapeto.

Siviwe anayamba kusakhazikika. Ankangonena za anyamata awiri a ku Germany amene ankazungulira m'zigwa, akuti alendo sadziwa mwambo, akaupeza mwalawo akwera osafunsa. Ndinamuuza kuti famu imeneyo munthu safikako popanda womulondolera.

Lachinayi lina ndili mu shopu, ndikuyang'ana foni, ndinaona video.

Mwala wanga. Choko changa chikuonekabe pa zogwirira. Siviwe akudumpha, akugwira kam'mphepete kaja, akukuwa ali pamwamba. Pansi pake atalemba kuti njira yatsopano, woyamba kuikwera ndi iye, dzina la njirayo "Lizelle".

Anzanga, ndinaionera video ija kachiwiri. Anthu anali atayamba kale kuikamo timitima, ati chikondi chenicheni ndi chimenechi.

Anabwera yekha ku shopu, akumwetulira, atanyamula chitumbuwa chotsekemera cha koeksister.

"Waona surprise yako, babe?"

"Ndinakuuza dzina la njira imene ija."

"Ndinaitchinjiriza, Liz. Anyamata aja akanaitenga. Komanso dzina lako ndi lokoma, ndimayesa usangalala."

Ndinamuonetsa foni, n'kuimitsa video pamene akudumpha. Kumbuyo kwake kunali munthu atatambasula manja, wa tsitsi lachikasu.

"Uyu ndani? Nanga wojambulayo ndani?"

Anayang'ana pansi. Anali anyamata a ku Germany omwe aja. Anawatengera yekha pa bakkie yake, kudutsa pageti limene ndinamuonetsa ine, chifukwa anali ndi kamera yabwino.

Anayesa kuyankhula zambiri. Akuti mwala si wa munthu, akuti ndikhozabe kuikwera chala chikapola, akuti ndikukulitsa nkhani. Ndinamuuza kuti atenge koeksister wakeyo azipita. Anabwerera ku Cape Town, ndipo mameseji ake sindiwatsegula.

Ena mundinena kuti ndinasiya mwamuna chifukwa cha mwala. Nenani. Munthu amene unamuuza cha mumtima, iye n'kukusankhira china chimene chikuoneka bwino pa video, ine sindingamulolenso kuima kumbuyo kwanga.

Nyengo ino alendo abweranso. Dzulo mtsikana wina wa ku Spain anandifunsa njira yopita ku "Lizelle". Anati wamva kuti mnyamata wina anaitcha dzina la chibwenzi chake, ndipo mtsikanayo ayenera kuti ndi wamwayi kwambiri.

Ndinamulondolera bwinobwino, ndi geti lomwe. Atatuluka ndinakhoma shopu n'kulira.

Anthu azibwera kuchokera kutali kudzatchula dzina langa pamwala umene uja. La bambo anga palibe adzalitchule.