Matumba Atatu a Mabotolo Kupita ku Lawrence

Tinanyamuka ku South Bend Loweruka m'mawa, kunja kukuzizira. Ndinakwera galimoto ya a Mbewe, namwino wa kutchalitchi kwathu, amene ankakaona mwana wawo ku Indianapolis. Ndinawapatsa madola makumi awiri a mafuta. Ine ndinkapita ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis, kwa azakhali anga, omwe ndinali ndisanawaone chibwerere kuno kudzaphunzira. Ndinkaopa kufika chimanjamanja, koma choti n'kuwagulira ndinalibe.

Tikucheza pafoni masiku apitawo, azakhali anandiuza zimene anamva kumsonkhano wa m'dera lawo. Akuti kutaya zinyalala kudzala kumadya ndalama zambiri, choncho ena akufuna kuti makhonsolo agwirizane: tauni imene anthu ake akupatula mabotolo ndi zitini kuti zikakonzedwenso, izilandirako gawo la ndalama zimene zapulumuka. "Kuno tonse tayamba kurisaikola," anatero. Mawuwo ndinawasunga. Ndinatolera mabotolo, zigubu za mkaka ndi zitini m'hositelo yonse, n'kuzitsuka ndi sopo, n'kudzaza matumba atatu akuda.

A Mbewe potsegula buti anafunsa, "Ukusamuka kodi?" Ndinayankha chapansipansi kuti ndi mphatso.

Msewu wa 31 ndi woongoka ngati chingwe. Mbali zonse ndi minda ya chimanga, koma munthu wa khasu osamuona ngakhale mmodzi. Titadutsa Plymouth galimoto inagunda kadzenje, kubuti kunangoti gobede gobede.

"Iwe Yamikani, mphatso yako ikulira."

Ndinawafotokozera zonse. Anaseka mpaka kuchepetsa liwiro.

"Ndiye wabera South Bend zinyalala zake kuti ukalemeretse eni ake a Lawrence? Akakugwira, ine ndinangokupatsa lifiti."

Ndinapepesa. Anasekanso kwambiri.

Tinaima ku Kokomo kuthira mafuta. A Mbewe anandigulira khofi ndi soseji ya m'buledi. Ndikutenga jekete kubuti, thumba limodzi linang'ambika, mabotolo n'kugubuduzika mpaka pansi pa galimoto za anthu. Bambo wina wachikulire wa kapusi anandithandiza kutola, kenako anandilozera bini ya mabotolo imene inali pomwepo. Ndinathokoza mwaulemu, n'kumuuza kuti awa akupita ku Indianapolis.

Anandiyang'ana mwachifundo. "Bwanji, kumeneko awathera?" anafunsa m'Chingerezi.

Pamsewu waukulu wozungulira mzinda wa Indianapolis, mathiraki akutidutsa uku ndi uku, ndinkangoganiza zopempha a Mbewe kuti abwerere nawo matumbawo.

Tinafika dzuwa litapendeka. Nditapereka moni wa manja awiri kwa azakhali, a Mbewe anatsitsa okha katunduyo n'kumuika pakhonde.

"Mayi, landirani. Mwana wanu wavutikira khonsolo yanu."

Azakhali anamasula thumba loyamba. Mwana wawo wamkazi, wobadwira konkuno, anasuzumira n'kunena m'Chingerezi kuti izi ndi zinyalala. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Azakhali anatulutsa chigubu, anachinunkhiza, anachiunika padzuwa.

"Watsuka ndiwe?"

"Eya, azakhali. Mundilozere bini ndikataye."

"Utaye? Zoyera chonchi, ndi zitsekero zomwe? Wapenga iwe!"

Anakhala pansi pakhonde pomwepo n'kuyamba kusankha. Zigubu anati ndi za thobwa la amayi a kutchalitchi. Mabotolo a kukamwa kwakukulu anati muzikhala chiponde ndi tsabola. Anaimbira mnzawo wa ku Beech Grove kuti abwere msanga adzatengeko. Kubini kunapita zitini zokha, ndipo ziwiri anazibweza panjira.

"Mwana woleredwa bwino," anauza a Mbewe. Kenako anatembenukira kwa ine. "Pa Khirisimasi usakhale wekha kuhositelo. Bedi lilipo."

Khonsolo ya ku Lawrence sindinaithandize kwenikweni, ndipo ndikupepesa. Ndaphunzira kuti botolo ukalitsuka kwambiri, kwa azakhali silifika kubini.