Botolo lomwe ndinabisa pansi pa matewera

Ndili ndi pepala la uphunzitsi, ndiye mayankho oyenera ndimawadziwa bwino. Mwana wanga woyamba atatentha thupi ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndinachita ulesi ndi mzere wa kuchipatala. Ndinagula sharope wofiira, mankhwala amadzi a m'botolo, kwa bambo wina pamsika wa ku Entre Lagos. Anachita kulumbira kuti botolo limenelo limachiza malungo ndi chifuwa chomwe. Ndinamwetsa mwana masiku atatu, koma ankangofookerafookera. Mantha atandigwira, ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu, kupita kuchipatala ku Insaca.

Anatilandira namwino wachikulire wa mawu okhuthala. Atandifunsa ngati mwanayo wamwa mankhwala alionse, ndinayankha monga ndimauzira ana m'kalasi: "Ayi, amayi. Mankhwala a pamsika ndi oopsa."

Analemba pakhadi. Atatsegula kamwa la mwana kuti amudonthezere mankhwala otsitsa kutentha, anaima. Lilime linali psuu! Anakankha chitseko ndi phazi kuti apamzere asamve.

"Aphunzitsi, mtsikana wanuyu wayamba kale kudzola zofiira? Akufuna banja?"

Ndinaseka, misozi n'kutsatira. Ndinatulutsa botolo lomwe ndinabisa pansi pa matewera. Anawerenga zolemba zake n'kufunsa kuti wamwa liti komaliza.

"Tili m'shapa."

"M'botolomu muli mankhwala omwewa ndimafuna kumupatsa. Ndikanawonjezera, tikanavulaza chiwindi chake, ndipo dzanja likanakhala langa. Wapamsika wakunamizani inu, inu mwanamiza ine, ine ndanamiza khadi. Wolandira zonsezo ndi uyu, wosadziwa n'kuyankhula komwe."

Sanakweze mawu, ndipo mpaka lero ndimaona kuti kukalipa kukanandipepukira. Yankho langa lija sanalifufute. Anangodula mzere pamwamba pake, n'kulemba zoona pambali, kuti namwino mnzake wamasana aone pomwe nkhani inakhota.

Magazi anaonetsa malungo, ndipo anatigoneka. Masiku awiri ndinkawerenga kupuma kwa mwana, ndikudzifunsa ngati masiku atatu ndinataya aja adzabwezeke. Namwinoyo akadutsa ankanditchula "aphunzitsi" mwaulemu womwewo, ngati palibe chimene akudziwa.

M'mawa wa tsiku lachitatu anawerama kuti amupime. Kadzanja ka mwana kanatuluka m'nsalu n'kutsomphola magalasi ake.

"Nyamulani katundu wanu," anatero akulimbana naye. "Wodwala saba."